Mtima ukamagunda mwachilendo atakuikani pacemaker

(Wolankhula waima panja, phiri la Dedza likuoneka kumbuyo.)

Moni nonse, kulikonse kumene mukuonera. Ine ndili kwathu kuno ku Dedza, ndipo kwazizira monga mwa masiku onse.

Bambo anga atabwera kuchipatala ndi pacemaker pachifuwa, kamakina kothandiza mtima kuti uzigunda pa nthawi yake, masiku oyamba tulo sankatiwona. Pakati pa usiku ankandidzutsa: "Mwanawe, mtimawu ukuthamanga, ndikuumva mpaka m'khutu." Ndikagwira pamkono pawo n'kuwerenga, ndinkapeza 60 pa mphindi. Kumeneko si kuthamanga. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100. Koma wa bambo unakhala miyezi ukugunda osafika ndi 40 pomwe, thupi lawo n'kuzolowera zimenezo, moti kugunda koyenera kutabwerera iwo anakuona ngati matenda atsopano.

Tiyambe ndi mmene kamakinaka kamagwirira ntchito. Mtima uli ndi magetsi akeake. Kumtunda kwake, chakumanja, kuli kagulu ka maselo kamene kamayambitsa kugunda kulikonse, ngati woyimba ng'oma pa chimtali. Ng'oma ikamachedwa, kapena mawu ake akamalephera kufika kuzipinda zam'munsi za mtima, ovina amasokonezeka. Munthu amamva chizungulire, amatopa msanga, mwinanso kukomoka. Pacemaker ndi woyimba ng'oma wachiwiri. Amaiika pansi pa khungu, kawirikawiri chakumanzere kwa chifuwa, ndipo timawaya take timadutsa mumtsempha kukafika mumtima. Imamvetsera. Mtima ukagunda wokha pa nthawi yake, iyo imakhala chete. Ukaphonya, imalowererapo.

Dokotala amaiuza nambala yoti mtima usatsike kupitirira pamenepo. Ambiri amawaikira 60, ena 50. Nambala yanuyo muifunse ndipo muilembe. Imeneyi ndi mfundo imene ndikufuna muchoke nayo pano.

(Kamera iyandikire padzanja.)

Ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu. Musagwiritse chala chachikulucho, chili ndi kugunda kwakekwake. Werengani mphindi yathunthu mukuyang'ana wotchi ya pafoni.

Tsopano nkhani imene inatizunguza kwambiri kwathu. Ma pacemaker ambiri ali ndi kachipangizo kozindikira kugwedezeka kwa thupi. Mukamayenda, kamadziwa kuti thupi likufuna magazi ambiri, n'kukweza kugunda. Komatu kachipangizoka sikaona. Mukakwera kabaza ya njinga yamoto pamsewu wafumbi wa mabampu, iko kamayesa mukuthamanga, mtima n'kuyamba kufulumira inu mutangokhala. Bambo zinawachitikira akuchokera kumaliro, anatsika panjira ali ndi mantha. Mbali inayi ndiye yovuta kwa ife a kumapiri. Pokwera chitunda munthu amayenda pang'onopang'ono, thupi siligwedezeka kwambiri, pomwe ntchito ndiye yakula. Kupalasa njinga utamangirira thumba la mbatatesi n'chimodzimodzi: miyendo ikugwira ntchito, chifuwa chili duu. Pamenepo kamakina kakhoza kuchedwa kukweza kugunda, inu n'kumangoti wefuwefu.

Zimenezi zimakonzeka popanda mpeni. Kukiliniki amaika chipangizo pamwamba pa khungu, n'kusintha manambala pakompyuta, inu mutavala malaya anu. Chimene akufuna kwa inu ndi kulongosola bwino. Mukangoti "sindikupeza bwino," dokotala alibe poyambira. Muwauze kuti, "Ndikamakwera chitunda chopita kumunda ndimabanika ndisanafike pakati, koma pamalo osalala ndimayenda bwinobwino." Anthu athu amachita manyazi, amati dokotala wandithandiza kale, ndikadandaulenso chiyani? Ayi ndithu. Kusintha manambala ndi mbali ya chithandizo chomwecho.

Ena amawaikira kuti usiku mtima uzitsika pang'ono, mwina kufika 50, monga umachitira mwachibadwa munthu akagona. Pa makina ena zimenezi zimatsatira wotchi ya mkati mwake. Ngati munakaikitsa ku India, dziwani kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka, choncho mufunse ngati wotchiyo anaisintha.

Pacemaker siichepetsa mtima wothamanga. Ntchito yake ndi kuteteza kuti usatsike kwambiri. Mukakwiya, mukadwala malungo, mukamwa tiyi wambiri, mtima ukwerabe pawokha. Ndiye mankhwala a BP kapena a mtima amene anakupatsani musasiye poganiza kuti makina atha zonse.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira tsiku la kiliniki. Mukakomoka, kapena chizungulire chakale chija chikabwerera. Mukawerenga kawiri katatu n'kupeza kuti kugunda kukukhalabe pansi pa nambala yanu ija. Mtima ukamathamanga kupitirira 100 mutakhala phee osatsika, chifuwa chikamapweteka, mukamabanika mutagona. Mnofu wa pansi pa nthiti kapena wa pachifuwa ukamadumphadumpha motsatana ndi kugunda, n'kutheka kuti waya wasuntha. Ndipo bala la pamene anaika pacemaker likatupa, likafiira, likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, musapake chilichonse ndipo musalifinye. Pitani kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi tsiku lomwelo, mutatenga khadi la pacemaker yanu.

Za wayazi, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofunika kuti akhazikike. Dzanja la mbali imeneyo musalikweze kupitirira phewa. Khasu, nkhwangwa, musi, mjigo, kusenza ndowa, zonsezi zidikire. Koma musalimangirirenso pathupi, phewa lingaume. Foni isakhale m'thumba la malaya la pachifuwa. Italikire masentimita 15, ndipo muziimvera kukhutu linalo. Maginito a m'masipika akuluakulu ndi makina owotcherera zitsulo muziwatalikira, ndipo ngati kuwotcherera ndiyo ntchito yanu, kambiranani ndi dokotala musanabwerere kushedi.

Funso limene bambo ankalisunga mumtima, mpaka analitulutsa tsiku lina tikuwotha moto, linali lakuti, "Nanga batire ikatha?" Imakhala zaka zambiri, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 15, ndipo siitha mwadzidzidzi. Akamayeza kukiliniki amaona ikuchepa kudakali miyezi, n'kusintha kabokosi kamene kali pansi pa khungu, mawaya ali pomwepo. Munthu woyamba kuikidwa pacemaker mkati mwa thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, mu 1958. Yoyambayo inagwira ntchito maola ochepa chabe. Anamusinthira kopitirira ka 20 pa moyo wake, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86. Dokotala amene anamuchita opaleshoni, Åke Senning, ndi amene anapanga makinawo, Rune Elmqvist, onse anatsogola iye adakali moyo.

Bambo pano ali ndi kope la sukulu pafupi ndi mphasa yawo. M'mawa uliwonse amalembamo tsiku, nambala imene apeza, ndi pamene abanika ngati zachitika. Ulendo wapitawu dokotala anawerenga kopelo, n'kukweza pang'ono mmene kamakina kamamvera kuyenda. Sabata yatha akwera chitunda cha kumunda osaima panjira, ine ndili m'mbuyo ndi makasu.