Mpamba Tiutenga Kuti? Malangizo kwa Ofuna Kuyamba Bizinesi

Mwaswera bwanji amayi, abambo ndi achinyamata kulikonse komwe mukutimvera. Amene muli pafupi ndi kope ndi cholembera, tengani, chifukwa lero pali masamu pang'ono. Mauthenga ambiri omwe mwakhala mukutumiza akufunsa chinthu chimodzi. Akuti nzeru ya bizinesi ndili nayo, malo ndawaona kale, koma mpamba ndilibe, ndigogode khomo liti?

Makomo ndikuuzani, alipo ndithu. Koma tisanafike kumeneko lembani kaye funso ili pamwamba pa tsamba: ndalama ikalowa mu bizinesi yanga, imabwerera m'manja mwanga patatha masiku angati? Mayi wa mandasi akagula ufa m'mawa, madzulo ndalama yabwerera. Wa kaunjika akamasula belo, mwina masabata awiri, mwina mwezi kuti ndi zotsalira zomwe zithe. Woweta nkhuku za nyama adikira masabata 6 kapena 7. Wolima soya adikira miyezi inayi kapena isanu, ndipo akafuna mtengo wabwino asunga kaye. Wogula chigayo, ameneyo tikamba za zaka. Tsono ndalama iliyonse yobwereka ili ndi tsiku lake lobwezera. Tsiku lobweza likafika msanga ndalama yanu isanazungulire, mwagwa kale, ngakhale bizinesiyo ikhale yabwino chotani. Zonse zomwe ndinene lero muziziyeza ndi funso limeneli.

Tsopano jambulani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani zinthu zogona, zomwe mugula kamodzi nkukhala: mashelefu, sikelo, fuliji, makina osokera, khola. Kumanja lembani zoyenda, zomwe mugula kuti mugulitse: katundu wa mu shopu, nsalu, anapiye ndi chakudya chawo. Zakumanzerezo yesetsani kugula ndi ndalama yopanda chiwongoladzanja. Ngati mubwereka, mubwerekere zakumanja, chifukwa ndi zimene zimabala ndalama yobwezera. Shelefu sabweza ngongole. Ndimaona achinyamata ambiri akutenga ngongole nkupenta shopu, kulembetsa chikwangwani chokongola, kulipira lendi ya miyezi itatu, kenako mkati muli sopo khumi ndi mapaketi a shuga asanu. Ayi, musatero.

Ndalama yoyamba kuiyang'ana ndi yanu yomwe. Mbuzi ziwiri, matumba a chimanga otsala mutapatula chakudya cha banja, foni yodula yomwe mungasinthe ndi yotchipa, malipiro a ganyu. Ndi yochepa, inde, koma palibe amene adzakugogodereni pakhomo. Ndipo aliyense amene mudzam'pemphe ndalama, kaya ndi malume kaya ndi banki, adzakufunsani kuti inuyo mwaikapo zingati.

Pali ndalama ina yomwe anthu saiwerengera ngati mpamba, ndiyo ya kasitomala. Atelala, akalipentala, ophika makeke, owotcherera mageti, musamagwire ntchito ndi ndalama yanu. Uzani mwini oda apereke theka, mugule zipangizo, theka linalo adzamalize potenga. Chimodzimodzinso kumene mumapikula katundu. Mukagula malo amodzi kwa miyezi ingapo, mukulipira bwinobwino, pemphani kuti azikupatsani katundu wina mudzalipire pakatha sabata. Yambani ndi wochepa, mubweze tsiku lisanakwane. Ngongole imeneyi nthawi zambiri ilibe chiwongoladzanja, chikole chake ndi mbiri yanu basi.

Tibwere kwa achibale. Ambiri muli ndi achimwene kapena achemwali ku Joni, ku Cape Town, ena ku UK, ndipo akamatumiza pa Mukuru mumaganiza kuti bwanji atandithandiza mpamba. Apempheni, koma mawu atatu amveke ndalama isanatumizidwe: kodi ndi mphatso, ndi ngongole, kapena nawonso alowa mu bizinesi? Pa atatuwa musankhe chimodzi ndipo chilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwepo. Mabanja ambiri adana chifukwa wotumiza ankati ali ndi gawo mu golosale pomwe wolandira ankati anangothandizidwa. Ndiye ngati ndi ngongole, gwirizanani kuti mubweza m'makwacha kapena m'marandi. Mukukumbukira mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene analonjeza kubweza m'marandi anadzuka ngongole itakula iwo asanabwerekenso kalikonse. Inu mukugulitsa m'makwacha, choncho limbikirani kuti ngongole ikhale m'makwacha.

Chipereganyu, chimene anzathu a ku Zambia amati chilimba, sindichedwapo chifukwa mumachidziwa. Anthu khumi, aliyense K50,000 pa mwezi, mmodzi amatenga K500,000 yonse. Chiwongoladzanja palibe, ndiye ndi chabwino kugulira zakumanzere zija. Langizo langa ndi lakuti ngati mukufuna kugula chipangizo, pemphani kulandira koyambirira, chifukwa mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi, wolandira kumapeto amapeza fuliji ija yasintha mtengo. Ndipo lowani ndi anthu omwe mukudziwa kumene amagona.

Tsopano banki m'khonde. Apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ambiri mumathamangira, ndiponso ndi pomwe ambiri mumapsa. Njira imeneyi anaiyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991 ndi magulu a amayi, ndipo kuno kwathu yafika mudzi uliwonse, m'maofesi ndi m'mipingo momwe. Mumagula masheya, mumabwerekana, pakutha pa chaka mumagawana pamodzi ndi phindu. Ubwino wake ngwoonekeratu: safuna chikalata cha nyumba, ndalama mumaipeza tsiku lomwelo, ndipo chiwongoladzanja chomwe mwalipira china chimabwerera kwa inu pogawana.

Koma tamverani masamu ake. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti, ndipo chimenecho ndi cha pa mwezi, osati pa chaka. Mwatenga K100,000 pa 20 peresenti, pakutha pa mwezi mubweza K120,000. Kwa mayi wa tomato amene ndalama yake imazungulira kawiri kapena katatu pa sabata, K20,000 imeneyo aipeza osavutika. Nanga wa nkhuku uja? Mwezi woyamba watha, anapiye akadali kudya, palibe cholowa, iye akufunika K20,000. Mwezi wachiwiri ina K20,000. Akamagulitsa, phindu lonse lapita kale. Wa soya ndiye tisanene, miyezi isanu ndi K100,000 ya chiwongoladzanja chokha. Ndiye banki m'khonde itengereni geni yothamanga. Yochedwa ayi.

Chachiwiri, musalowe magulu atatu kapena anayi kuti muzitenga uku nkukabweza uko. Kumeneko ndi kukumba dzenje kuti mukwirire dzenje lina, ndipo mathero ake tawaona: mabanja kutha, ziwiya ndi malata kulandidwa, ena kuthawa m'mudzi usiku. Gulu limodzi ndi lokwanira. Musanalowe funsani kuti malamulo a gulu analembedwa kapena ali m'mutu mwa wapampando. Funsani kuti ndalama imasungidwa kuti. Ngati ndi m'bokosi, likhale la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo msungichuma asakhale ndi kiyi. Ngati ndi pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, munthu mmodzi asathe kutapa yekha. Ndipo gulu lina likamakukakamizani kubwereka pomwe simukufuna, ati kuti ndalama isagone, dziwani kuti gulu limenelo likufuna chiwongoladzanja chanu, silikufuna bizinesi yanu.

Amene mukufuna ndalama yokulirapo komanso nthawi yotalikirapo, yang'anani ma SACCO. Awa ndi makopaletivi osunga ndi kubwereketsa ndalama, ambiri ali pansi pa MUSCCO yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Kumeneko mumayamba mwakhala membala, mumasunga kwa miyezi ingapo, kenako amakubwerekani molingana ndi zomwe mwasunga, mamembala anzanu nkukhala mboni. Sizachangu. Ngati bizinesi mukufuna kuiyamba mvula ikatha, kalembetseni panopa.

Palinso mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono monga FINCA, CUMO, VisionFund ndi MicroLoan Foundation. Ambiri amabwereketsa pagulu, kutanthauza kuti mnzanu akalephera, mubweza ndinu. Sankhani anzanu mosamala kuposa momwe musankhira bungwe. Ndiye kulikonse komwe mwapita, kaya ku bungwe kaya ku banki, funsani funso ili, lembani: chiwongoladzanja mukuwerengera pa ndalama yonse yomwe ndatenga, kapena pa yotsala? Tamvani kusiyana kwake. Mwatenga K600,000, miyezi 6, pa 5 peresenti pa mwezi. Akawerengera pa ndalama yonse, mwezi uliwonse ndi K30,000, pamodzi K180,000. Koma akawerengera pa yotsala, inu mukubweza K100,000 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chimatsika: K30,000, kenako K25,000, K20,000, mpaka K5,000, pamodzi K105,000. Onse awiri akuti 5 peresenti, koma kusiyana ndi K75,000. Mwamva? Funsaninso za ndalama yokonzera mapepala ndi ya inshulansi, chifukwa zina amadula musanalandire, mwasainira K600,000 koma m'manja mwalowa yochepera. Auzeni akulembereni manambala awiri okha: ndilandira zingati, ndibweza zingati zonse pamodzi. Pepalalo pitani nalo kunyumba, mugone, musaine mawa.

Za ngongole za boma mwafunsa ambiri. Thumba limeneli lakhala likusintha maina, kunali MARDEF, kunali YEDEF ya achinyamata, zinadzakhala MEDF, ndipo mu 2020 linatchedwa NEEF. Pitani nokha ku ofesi ya m'boma lanu mukafunse zofunika panopa. Musadzere mwa munthu wokuuzani kuti mum'patse kangachepe akuikeni pa mndandanda. Ndipo ndinene mosapsatira, ndalama imeneyi ndi ngongole, si chipukutamisozi, si mphatso ya chipani. Maganizo akuti za boma sitibweza ndi amene achititsa kuti thumbali liziuma anthu ena asanalandire.

Ku mabanki akuluakulu, kunena zoona, munthu wongoyamba kumene sapezako zambiri. Iwo amafuna kuona mmene ndalama yakhala ikuyendera. Komabe konzekerani lero. Lembetsani bizinesi ku boma, tengani nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, tsegulani akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo, ndipo ndalama ya malonda izidutsa mmenemo ngakhale muitape mawa lake. Pakatha chaka muli ndi umboni. Pa chikole, dziwani kuti kuyambira ndi lamulo la mu 2013, katundu wonyamulika monga makina, galimoto kapena ziweto akhoza kulembetsedwa ngati chikole, si nyumba ndi malo zokha, ngakhale kuti si onse obwereketsa amene amavomera. Dziwaninso kuti mukathawa ngongole ku bungwe lina, dzina lanu limakafika ku Credit Reference Bureau, komwe amasunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo banki ina ikafufuza imalipeza.

Achinyamata amene muli ndi intaneti, pali ndalama zina zosabweza. Bungwe la Tony Elumelu Foundation la ku Nigeria kuyambira mu 2015 limapereka madola 5,000 kwa amene asankhidwa m'maiko onse a mu Africa, Amalawi nawonso amapeza. Mafomu amatsegulidwa pa 1 January ndipo kulemba ndi kwaulere. Olemba ndi ochuluka zedi, ndiye lembani koma musakhale pansi kudikira. Pitaninso ku SMEDCO, bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono lomwe kale linkatchedwa SMEDI, kapena malo monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub, amadziwa mipikisano yomwe yatseguka ndipo amathandiza kulemba ndondomeko ya bizinesi. Uthenga uliwonse wakuti mwapambana thandizo koma mutumize kaye ndalama yolembetsera, fufutani, ndi akuba. Chimodzimodzi aja amati ikani K50,000 pakatha masabata awiri mutenge K100,000 bola mubweretse anzanu.

Katapila ndiye ayi. Chiwongoladzanja cha theka la ndalama pa mwezi, ena kuwirikiza kumene, palibe malonda achilungamo omwe angabweze zimenezo. Munthu akakuuzani kuti musiye khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, kapena chiphaso chanu cha unzika, nyamukani.

Katsala kamodzi. Ena mwa inu muli ndi luso, mnzanu ali ndi ndalama, mwachitsanzo iye agula njinga yamoto inu muziyendetsa kabaza. Zimatheka bwino, koma khalani pansi mulembe. Njingayo ili m'dzina la ndani? Pa tsiku mupereka zingati, ndipo tsiku lomwe mwadwala kapena njinga ili kwa makaniko muwerenga bwanji? Matayala, oyilo ndi inshulansi alipira ndani? Ikabedwa? Ngati mwagwirizana kuti pakatha miyezi yakuti njinga idzakhala yanu, tsikulo lilembedwe ndi manambala. Musaine nonse awiri pamaso pa mboni ziwiri, kaya a mfumu kaya mkulu wa mpingo, aliyense asunge pepala lake, ndipo mulijambulenso pa foni.

Nthawi yatithera. Amene mutumize mafunso, tchulani mtundu wa bizinesi, ndalama yomwe muli nayo kale, ndi masiku omwe katundu wanu amatenga kuti athe, kuti tidzathe kuwerengera limodzi sabata yamawa. Tsalani bwino.