Alamu, musanagule season ticket tayang'anani kaye rota yanu

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Manchester? Uthenga wanu ndaumva. Kulemba sinditha, nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ndingolankhula, inu mumvetsere mukakhala mu basi kapena mukapuma kuntchito. Mukuti mukufuna season ticket ya ku Old Trafford, bwalo la Manchester United, ndipo zikakanika muzingogula matikiti kwa anthu amene amagulitsa pa intaneti aja. Zonse ziwirizo taimani nazo kaye. Ndalama musatulutse lero, mwamva?

Tiyambe ndi chinthucho. Season ticket ndi mpando umodzi, wanuwanu, pa magemu onse a ligi a pakhomo. Mu Premier League muli matimu 20, timu iliyonse imasewera magemu 38, theka pakhomo theka koyenda. Ndiye mukugula magemu 19, kuyambira Ogasiti mpaka Meyi. A FA Cup, a Carabao Cup ndi a ku Ulaya, matimu ambiri sawaikamo, amenewo mumalipira padera. Ndipo musaganize kuti mungodzuka n'kukagula ngati mmene tinkachitira pa geti ya Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Noma. Old Trafford imalowa anthu pafupifupi 74,000, koma pali mndandanda wa anthu odikira, ndipo amene ali nayo kale season ticket saitaya wamba. Ku Liverpool mndandanda wotere adachita kuutseka chifukwa udatalika kwambiri. Choncho ngakhale mutakhala nazo ndalama m'manja lero, mwina n'kukuuzani kuti lembetsani, mudikire.

Koma tiyerekeze kuti mwayi wapezeka. Apa ndiye tengani rota yanu ya kuntchito, muiyike patebulo. Inu ntchito yanu yosamalira okalambayo, Loweruka ndi Lamlungu mumagwira sabata iyi, sabata inayo n'kupuma, si choncho? Nthawi zina usiku. Tsono mverani mmene mpira wa kuno umayendera. Ndandanda wa magemu umatuluka mu Juni, ndipo munthu ukauona umangoti basi, Loweruka 3 koloko masana. Bodza. Kuno gemu ya Loweruka 3 koloko saionetsa pa TV, ndi lamulo lakale lofuna kuti anthu azipita kumabwalo. Ndiye a Sky Sports ndi a TNT Sports akafuna gemu, amaisuntha. Ina imapita 12:30 Loweruka, ina 5:30 madzulo, ina Lamlungu 2 koloko kapena 4:30, ina Lolemba 8 koloko usiku, mwinanso Lachisanu. Ndipo United ndi timu imene a TV amaikonda zedi, ichite bwino kaya ichite zoipa, anthu amafunabe kuionera. Kuyambira nyengo ya 2025/26 a Sky okha akuonetsa magemu osachepera 215 pa chaka, ndiye kusunthako kwachuluka. Timu ikakhalanso mu Europa League, imasewera Lachinayi, gemu ya ligi n'kupita Lamlungu.

Vuto lake ndi loti kusunthako amalengeza kutatsala milungu ingapo chabe, pamene inu rota mwasaina kale. Mwapempha Loweruka kuti mupume, mwasinthana ndi mnzanu, mwamulonjeza kuti mudzamugwirira usiku wa Khirisimasi, kenako n'kumva kuti gemu ija yapita Lolemba usiku, tsiku limene muli pa shifti. Kamodzi abwana amamvetsa. Kachiwiri amayamba kukuyang'anani ndi diso lina. Ndipo inu pepala lanu lokhalira kuno lamangirira pa ntchito yomweyo, ndiye si malo ochitirapo masewera.

Ndiye chitani chonchi. Tengani cholembera, muwerenge moona mtima kuti pa magemu 19 amenewa, ndi angati amene mungapitedi. Osati amene mtima ukufuna, amene thupi lingakafike. Muchotsemo masabata a shifti, muchotsemo mwezi umene mukufuna kupita kumudzi, muchotsemo Lamlungu la kutchalitchi limene achemwali sangakuloleni kujomba, muchotsemo tsiku la Boxing Day, 26 Disembala, poti kuntchito kwanuko limenelo ndi lolimbirana. Zikatsala, gawani. Ndingopereka chitsanzo kuti masamu aphweke, si mtengo weniweni ayi: tinene kuti mpando ndi £760. Mukapita onse 19, gemu iliyonse yakudyerani £40, pamenepo mwapindula. Mukapita 8 okha, gemu iliyonse yafika £95. Mwaona? Tikitiyo ndi yomweyo, koma kwa wina ndi yotchipa, kwa wina ndi yodula. Mitengo yeniyeni muione pa webusaiti ya timuyo, imasiyana kutengera mbali imene mwakhala. Ku Arsenal ngakhale yotsikitsitsa ya munthu wamkulu idadutsa kale £1,000.

Mwina muti, aaa, ndikalephera kupita mpandowo ungokhala, vuto n'chiyani, ndalama ndi zanga. Ayi ndithu. Matimu akuluakulu adatopa ndi mipando yopanda anthu. Ku United adaika lamulo loti tikiti yanu igwire ntchito pa magemu osachepera 16 mwa 19 mu nyengo ya 2025/26, chaka cha m'mbuyo mwake anali 15. Mukalephera, chaka chinacho akhoza kukulandani mpandowo. Sikuti mupite inuyo nthawi zonse, ayi. Mutha kutumizira tikitiyo mnzanu kudzera pa app yawo, mutha kuibweza ku timu kuti aigulitse, kapena kuipereka ku Manchester United Foundation, zonsezo amaziwerengera. Komabe imeneyo ndi ntchito ina, sabata ndi sabata kukumbukira, kudina, kufunsa anthu ngati akufuna. Munthu wotuluka shifti ya maola 12 amaiwala.

Chinanso, mumalipira musanadziwe chimene mukugula. Nthawi yokonzanso matikitiwa imafika cha m'ma Malichi mpaka Meyi, ligi isanathe n'komwe nthawi zina. Ife kuno ku Leicester tikuzidziwa bwino zimenezi. Timu idatenga ligi mu 2016, dziko lonse n'kudabwa. Mu 2023 idatsika, mu 2024 n'kukwera, mu 2025 n'kutsikanso. Munthu umalipira ukulota Liverpool ndi Arsenal akubwera pa King Power, n'kupezeka ukuonera gemu ya Championship, ligi ya pansi pa Premier League, Lachiwiri usiku, mvula ili waa, zala zitauma. Chotonthoza n'choti ku Championship matimu alipo 24, ndiye magemu a pakhomo ndi 23. Inu a United zotsika sizikukukhudzani, koma zoti mwalipiriratu chaka chonse kenako timu n'kumangokupatsani BP, zimenezo nanunso mukuzidziwa.

Musandimve ngati ndikuinyoza season ticket. Ine ndili nayo ndipo sindiitaya. Ubwino wake weniweni si ndalama. Ndi anthu. Mumakhala ndi anthu omwewo chaka ndi chaka. Kumanja kwanga kumakhala gogo wina wachizungu amene amabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi bulangeti lofunda m'miyendo, ndipo timu ikamenya kona amatseka maso, sayang'ana. Ndikajomba amafunsa kuti kunyumba kuli bwanji. M'dziko muno, mmene anthu sapatsana moni pamsewumu, chimenecho si chaching'ono. Komanso matikiti a makapu ndi a magemu a koyenda amayambira kwa eni season ticket, ndipo a koyendawo mu Premier League sadutsa £30, adagwirizana choncho kuyambira 2016. Koma zonsezi zimakoma kwa munthu amene Loweruka ndi lake. Ine ntchito yanga ndi ya Lolemba mpaka Lachisanu, bwalo ndimayenda wapansi. Inu si choncho.

Tsopano za ogulitsa aja. Apa tcherani khutu, chifukwa pali mitundu iwiri ndipo anthu amaisokoneza. Pali matikiti amene eni season ticket abweza ku timu, timuyo n'kuwagulitsanso yokha pa webusaiti yake, pa mtengo wake. Amenewo ndi abwinobwino, ndipo ndi amene ndikufuna muzisaka. Ndiye pali madobadoba, ena amaima pafupi ndi bwalo n'kumanong'oneza anthu odutsa, ena ali m'magulu a pa foni, ena ali ndi mawebusaiti okongola kuposa a timu yeniyeniyo, ndipo ukasaka pa intaneti ndi amene amayamba kutuluka pamwamba. Amenewo ayi. Ku England ndi ku Wales kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo cha timu ndi mlandu, lamulo lake ndi Criminal Justice and Public Order Act ya 1994, gawo 166, ndipo mu 2006 adaliwonjezera kuti likhudzenso za pa intaneti. N'chifukwa chake mawebusaiti ambiri otere amakhala kunja kwa dziko lino. Wolakwa pa lamulo ndi wogulitsa, koma wolira ndi wogula. A Premier League ali ndi mndandanda wa mawebusaiti osavomerezeka pa tsamba lawo, mukakayikira kaoneni pamenepo.

Ndikuuzeni mmene zimathera. Masiku ano tikiti imakhala mu foni, mumaigunditsa pa kamakina ka pa geti, kakayaka gilini chitsulo n'kuzungulira, mwalowa. Dobadoba amakutumizirani chithunzi cha tikiti, kapena linki, kapena amagulitsa mpando umodzi kwa anthu atatu. Ndidaonapo bambo wina patsogolo panga pa mzere, atagwira mwana wake dzanja, mwanayo atavala jezi yatsopano, kapepala ka mtengo wake kakadali lendelende pakhosi. Agunditsa foni, kuyaka kofiira. Apukuta foni pa jekete, agunditsanso, kofiira. Kumbuyo anthu ayamba kung'ung'udza, mkati nyimbo zayamba kale. Wolondera wa jekete yachikasu adangowatengera pambali mwaulemu n'kuwalozera ku ofesi ya matikiti, ndipo kumeneko yankho limakhala limodzi: simudagule kwa ife, palibe chimene tingachite. Bamboyo kuimbira amene adamugulitsa, foni yozima. Mwana akungoyang'ana geti.

Ngakhale tikitiyo itakhala yeniyeni, mavuto sanathe. Imakhala m'dzina la munthu wina, ndipo timu ikazindikira imaifafaniza, mwini wakeyo n'kumuletsa kulowa. Komanso mutha kupezeka mwakhala pakati pa masapota a timu ina. Kuno masapota amawalekanitsa, ndipo sachita nazo nthabwala. United ikusewera koyenda, inu mwagula mpando wa eni bwalo, chigoli chalowa inu n'kudumpha, amakutulutsani nthawi yomweyo, ndipo muthokoze ngati akukutulutsani ndi olondera.

Ndiye zochita ndi izi. Gulani umembala wa timu, wa chaka chimodzi, pa webusaiti yeniyeni ya United. Adiresi muilembe nokha, osadina zimene zatulukira pamwamba. Popanda umembala matikiti a ligi simuwaona n'komwe. Mukatero ikani app yawo mu foni, muyatse zoti izikudziwitsani. Ngati mukufuna kupita ndi mwana wamkuluyo, nayenso akhale ndi umembala wake, tikiti imodzi membala mmodzi. Kenako dikirani a TV alengeze masiku enieni, muyerekeze ndi rota, musankhe magemu anayi kaya asanu amene mukudziwa kuti muli omasuka. Musalimbane ndi Liverpool, City kapena Arsenal chaka choyamba, amenewo aliyense amawafuna ndipo matimu amawaika pa mtengo wapamwamba. Yambani ndi timu zapakatikati, makamaka gemu ya mkati mwa sabata. Mukaona kuti atha, musataye mtima. Matikiti obwezedwa aja amatuluka gemu ikayandikira, masiku awiri atatu omaliza, nthawi zina m'mawa wa tsiku lomwelo. Muzilowa pafupipafupi, pa nthawi yopuma, mu basi, ndipo khadi la kubanki likhale pafupi chifukwa mpando ukaoneka suchedwa.

Ndisakunamizeni kuti njira imeneyi ndi yotchipa pa gemu imodzi. Kumapeto kwa 2024 United idakweza matikiti a mamembala kufika £66, osachotserako ana kapena okalamba, mpaka masapota adachita zionetsero kunja kwa bwalo. Koma pa mtengo wa nthawi imeneyo, £66 kasanu ndi £330, ndipo mwalipira magemu okhawo amene mwaonadi. Muonjezepo za thiramu, ndipo chakudya mudyeretu kunyumba, za m'bwalo zimadula.

Ngati chimene mukufuna ndi kungoti ana aone mpira ndi maso, pali njira zopepuka. Magemu oyambirira a Carabao Cup amatsika mtengo ndipo sapikisanirana kwambiri. Timu ya amayi ya United imasewera ku Leigh Sports Village, banja lonse mutha kulowa ndi ndalama yochepa. Ku Moston kuli FC United of Manchester, timu imene masapota adayambitsa okha mu 2005 atakwiya ndi kugulidwa kwa United ndi banja la Glazer. Bwalo lawo ndi Broadhurst Park, laling'ono, osewera mumawamva akukalipirana, ndipo anthu amaimba gemu yonse. Stockport County ndi Bolton Wanderers nazonso zili pafupi nanu.

Pa mndandanda wodikira uja lembetsani ngati mtima ukufunadi, muwerenge kaye zimene akufuna polembetsa. Pofika nthawi imene adzakuitaneni mwina mudzakhala mutasintha ntchito, Loweruka lili lanu, tidzakambirananso. Pakadali pano jambulani rota ya mwezi wamawa munditumizire, ndiiyerekeze ndi magemu, ndikuuzeni oti muyambire. Ngati lina ligwere Lamlungu loti nanenso ndili womasuka, ndikwera sitima tidzapitire limodzi, koma jezi yofiira sindivala. Apatseni moni achemwali ndi ana.