Maliro osalembedwa saoneka pa chiwerengero

Zikomo agulupu, zikomo anyakwawa, amayi ndi abambo nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nthawi ya Covid-19 bambo wina anandiimitsa pa msika, amvekere: "Alangizi, ku Tanzania akuti matendawa kulibe, nanga ife tikudzivutitsiranji ndi zotseka pakamwazi?" Bamboyo sananame, wailesi inkanenadi zimenezo. Chimene chinachitika n'chakuti mu 2020 boma la Tanzania, pansi pa Pulezidenti John Magufuli, linangosiya kulengeza ziwerengero. Nambala inaima pa odwala 509, ndipo inakhala pompo kupitirira chaka. Matenda ankayendabe, cholembera ndi chimene chinaikidwa pansi.

Ndiye mukamva kuti dziko lakutilakuti lili ndi odwala ochepa, muzifunsa kaye: anawerenga ndani, nanga anawerengera kuti?

Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linayesa njira ina yowerengera imfa. Linaona kuti zaka zabwinobwino kumamwalira anthu angati, kenaka linawerenga amene anapitirira pamenepo mu 2020 ndi 2021. Maiko onse pamodzi anali atalengeza kuti Covid-19 yapha anthu pafupifupi 5.4 miliyoni. WHO inapeza imfa zowonjezera pafupifupi 14.9 miliyoni. Ku India kokha inapeza 4.7 miliyoni, pomwe boma lawo linali litanena zosakwana theka la miliyoni, ndipo bomalo linakana masamu a WHO mpaka kukangana. Ku South Africa, kumene kuli ana athu ambiri, nambala zimaoneka zoopsa, komatu mbali ina n'chifukwa choti kumeneko imfa zambiri zimalowa m'kaundula. Wolemba zonse amaoneka ngati ndiye wodwalitsitsa.

Tsopano tibwere kuno kwathu. Gogo amwalira usiku pakhomo. M'mawa uthenga wapita kwa amfumu, adzukulu anyamula makasu, amayi ali pa moto kuphika nsima, madzulo taika. Zonse mwaulemu wake. Koma ku Lilongwe, ku Unduna wa Zaumoyo, gogoyo sanamwalire, chifukwa palibe pepala limene lanena. Mayi wochira panjira mwana n'kutisiya tsiku lomwelo, ndiye kaya, nthawi zambiri sitikambako n'komwe.

Mwina mukuti, nanga nambala za Malawi zimachokera kuti? Zina zimachokera m'mabuku athu a kuchipatala ndi kusikelo, aja timalembamo mwezi ndi mwezi. Zina n'za kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. Ena mwa inu anakufikani pakhomo, anakhala nanu pa mkeka n'kumafunsa: munabereka ana angati, amoyo ndi angati, achemwali anu alipo onse? Ndikudziwa, mafunso amenewa amatosa pachilonda, ndipo ena mumawabisira. Koma mayankho amenewo ndi amene anatiuza kuti mu 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, pomwe pofika mu 2015 mpaka 2016 anali 63.

Mwamva ndikuti "pa ana 1,000". Sitiyerekeza maiko ndi nambala yongoiwunjika. Kalembera wa 2018 anatipeza tili anthu 17.5 miliyoni, pomwe India ili ndi anthu oposa biliyoni. Mudzi wa mabanja 20 ukakhala ndi maliro asanu pa chaka, ndiye kwavuta. Tauni ngati Blantyre maliro asanu ndi a m'mawa umodzi.

Amayi mwakweza dzanja, ndikubwerani pompano.

Pempho langa lili kwa inu mafumu, poti uthenga wa maliro umayambira pakhomo panu. Munthu akamwalira kunyumba, thandizani abale kuti imfayo ikalembetsedwe ku ofesi ya NRB, konkuja kumene timatenga ziphaso za unzika. Mwana akabadwa, chimodzimodzi. Ndipo ngakhale kakhanda katangokhala tsiku limodzi, tiuzeni ife alangizi, tilembe. Eya mayi, funso lanu lija.