Kwa inu abwana amene mumadzikayikira

Moni nonse amene mukumvera. Lero ndikulankhula ndi inu amene mumayang'anira anzanu kuntchito, kaya ndinu manejala, kapitawo kapena mphunzitsi wamkulu. Anthu amakupatsani ulemu, koma mumtima mumangoti, "Tsiku lina adzanditulukira kuti sindidziwa kanthu."

Simuli nokha ayi. Mu 1978, akatswiri awiri a zamaganizo a ku America, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, adalemba za amayi oposa 150 ophunzira bwino komanso aluso pantchito zawo, amene ankakhulupirira kuti adafika pomwe adali mwamwayi chabe. Pambuyo pake zidadziwika kuti abambonso zimawagwira. Komanso taganizani, adakukwezani poona luso lanu pantchito yakale ija. Kutsogolera anthu ndi ntchito inanso, ndipo ambiri amangoiyamba popanda wowaphunzitsa.

Ndiye chitani izi. Mantha akabwera, tengani pepala mulembe chenicheni chimene chikukuopsani. Musalembe kuti "sindingakwanitse" ayi, chifukwa mawu amenewo alibe pogwira. Lembani kuti, "Sindimvetsa momwe bajeti ya nthambi yathu imawerengedwera." Mwaona? Chimenecho mutha kupita nacho kwa akauntanti mawa m'mawa, n'kukhala nawo pansi ola limodzi, nkhani n'kutha.

Tsopano kumsonkhano. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Wina wafunsa funso, maso onse ali pa inu, yankho mulibe, thukuta layamba m'manja. Chonde musapeke yankho. Nenani modekha kuti, "Limenelo yankho lake ndilibe panopa, ndikupatsani Lachisanu." Lilembeni iwo akuona, ndipo Lachisanu likafika mubwere nalo ndithu. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard ku America, pofufuza m'zipatala, adapeza kuti magulu ogwirizana bwino ndi amene ankaulula zolakwika zambiri, chifukwa sankaopa kulankhula. Mukayamba inuyo kuvomera kuti china simukuchidziwa, nawonso adzamasuka kukuuzani vuto lisanakule.

Pali china chimene chimandipweteka mtima. Bwana wodzikayikira nthawi zambiri amazunza anthu osalakwa, mwina osadziwa n'komwe. Kalata iliyonse afuna aione kaye, aikonze, aionenso. Foni kuimba usiku. Wina akangofunsa kuti "bwanji tichite mwakuti", basi waona ngati akumulanda mpando. Ngati mukudzimva pamenepa, yambani ndi ntchito imodzi sabata ino. Muuzeni munthuyo chimene mukufuna ndi tsiku loti amalize, kenako musiyeni mpaka tsikulo. Akaichita mosiyana ndi mmene mukadachitira inu koma yatuluka bwino, muyamikireni, osaikhudzanso.

Pa zosankha, dzifunseni kuti, kodi ndikalakwitsa zingathe kukonzedwa? Ngati zingatheke, gamulani lero lomwe. Zosabwezeka, monga kuchotsa munthu ntchito, zimenezo zipatseni nthawi ndipo mufunse nzeru kwa ena.

Pezaninso mnzanu wa udindo ngati wanu, makamaka wogwira ntchito kwina, woti muzimuuza zakukhosi ndipo iye azikuuzani zoona ngakhale zowawa. Koma ngati nkhawayi yafika pokusowetsani tulo kwa masabata angapo, chakudya osalowa, mtima kumangogunda mukaganiza zopita kuntchito, musapirire nokha. Kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, mumufotokozere zonse monga momwe zilili.