Malangizo a pa wailesi kwa oyamba kuyenda ndi ngalawa ya thanga pa Cahora Bassa

Moni kwa inu nonse amene mwatchera khutu madzulo ano, a ku Zumbo, a ku Fingoè, a ku Chitima ndi ku Songo, ngakhalenso inu a kumapiri a Angónia ndi Tsangano amene mumatsikira kunyanja pa nthawi ya tchuthi yokha. Lero tikamba za ngalawa zing'onozing'ono zoyendera thanga, zija zokwera anthu awiri kapena atatu, zimene munthu amalowa nazo pamadzi osati kukaponya ukonde kapena kukawolotsa matumba a chimanga, koma kukapitidwa mphepo ndi kusangalala. Ndilankhula makamaka ndi inu amene mukuyamba kumene, ndipo ndikupempha abambo ndi amayi amene ana anu ayamba kukonda masewerawa kuti musasunthe pa wailesi, chifukwa zambiri zimene ndinene ndinu amene mudzawakumbutse pa dooko.

Nyanja ya Cahora Bassa si yachilengedwe, ndipo woyenda ndi thanga asamaiwale zimenezi. Ntchito yomanga damu pa mpata wa mapiri pafupi ndi Songo idayamba mu 1969, ndipo khoma lake lotalika mamita 171 litatseka Zambezi kumapeto kwa 1974, madzi adabwerera m'mbuyo mtunda wa makilomita pafupifupi 250 mpaka ku Zumbo, kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi pamalire athu ndi Zambia ndi Zimbabwe. Pansi pa madziwo padatsala nkhalango, minda ndi mabwinja. Mitengo yolimba ngati tsanya siola msanga, kotero kuti m'magombe ambiri zitsa zake zikadali chilili, zina zikuonekera, zina zabisala pang'ono chabe pansi pa madzi. Madziwonso sakhala pa mlingo umodzi. Amakwera mvula ikagwa bwino kumtunda, ndipo amatsika pamene HCB, kampani yoyendetsa damuli, ikuwatulutsa popanga magetsi kapena kukachita chilala ngati chija cha 2024, choncho njira imene mudadutsamo bwinobwino chaka chatha ikhoza kukuboolerani ngalawa chaka chino. Mukafika pa dooko lachilendo, apatseni moni asodzi a pamenepo, muwafunse mwaulemu pamene pali zitsa ndi pamene pamagona mvuu, popeza iwo amadutsamo tsiku ndi tsiku.

Nkhani imene ndikufuna tikhalitsepo ndi ya mphepo. Nyanjayi idagona kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo, ndipo m'miyezi yopanda mvula mwera umaomba kuchokera kumwera chakum'mawa, n'kumakula mphamvu tikamalowa mu Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala. Popeza umatsata utali wa nyanja, umapeza mtunda waukulu wopanda chotchinga, ndipo m'malo otambalala monga a ku Chicoa ndi ku Magoe umautsa mafunde othithikana amene amamenya ngalawa yaing'ono mosalekeza. Tsono msampha wagona apa. Munthu woyamba kumene akakankha ngalawa pa dooko, mtima umamuuza kuti alole mphepo imukankhe kumsana. Ngalawa imathamanga mosavuta, madzi salowa, ndipo chifukwa chakuti akuyendera limodzi ndi mphepoyo, pathupi pake imamveka yofooka kusiyana ndi momwe ilili. Pakutha pa ola limodzi amapezeka ali kutali, ndipo akangotembenuka kuti abwerere m'pamene amazindikira kuti mphepo ija ndi yaukali, mafunde akumuwaza m'maso, dzuwa lapendeka, mikono yalema. Langizo langa ndi ili, ndipo mulisunge koposa ena onse: pochoka pa dooko, lozani kumene mphepo ikuchokera, mulimbane nayo mukadali ndi mphamvu, kuti pobwerera ikuperekezeni mpaka kwanu.

Wina afunsa kuti thanga lingayende bwanji kumene mphepo ikuchokera. Molunjika silingathe. Ngalawa yomangidwa bwino imatha kuyenda mopendekera madigiri pafupifupi 45 kuchoka kumene mphepo ikuchokera, ndiye mumapita mokhotakhota, kanthawi chakumanja, kanthawi chakumanzere, monga momwe njira yokwera phiri imakhotera. Chimene chimatheketsa zimenezi ndi thabwa lija lotsikira m'madzi pakati pa ngalawa, limene limailetsa kutsetsereka cham'mbali. Bwato losema limene mwangolikweza nsalu pa nsungwi lilibe thabwa lotere, n'chifukwa chake limangotsata mphepo basi, ndipo pobwerera pamafunika nkhafi. Kukhotakhota kumatalikitsa ulendo pafupifupi ndi theka, ndipo funde lililonse limene mwagundana nalo limakubwezani m'mbuyo pang'ono, choncho mbali imeneyi ya ulendo muziipatsa nthawi yochuluka.

Tsopano tiyerekeze kuti muli m'ngalawa, ndikufotokozereni katembenukidwe kake. Inu wowongolera mwakhala mbali imene mphepo ikuchokera, moyang'anana ndi thanga, dzanja lakumbuyo lili pa mpini wa tsigiro, lakutsogolo lagwira chingwe cha thanga. Musayambe kutembenuka ngalawa ikuyenda mwaulesi, chifukwa idzaima pakati pa njira, mphuno italoza mphepo, thanga likungopepereka. Dikirani ikhale ndi liwiro, yang'anani kumbuyo ndi m'mbali ngati kuli kotseguka, kenako muwauze anzanu mokweza kuti, "Konzekani, tikutembenuka!" ndipo musachite kanthu asanayankhe. Akayankha, kankhirani mpini wa tsigiro kumene kuli thanga, osati mothyola koma mosalekeza. Kumbukirani kuti mphuno ya ngalawa imapita mbali yosiyana ndi kumene mwakankhira mpini. Thanga lidzayamba kugwedezeka, ndipo mtengo wopingasa wa m'munsi mwake udzadutsa pamwamba pa mitu yanu. Weramani nonse pamenepo, chifukwa mtengo umenewo ukamenya pamutu umatha kugwetsera munthu m'madzi atakomoka. Wolokerani mbali inayo nkhope ili kutsogolo, sinthani manja, bwezerani tsigiro pakati, n'kukoka chingwe mpaka thanga litaleka kupepereka.

Chingwe cha thanga musachimangirire pa chilichonse, ngakhale dzanja litatopa chotani, ndiponso musachikulunge padzanja. Chingwe chimenechi ndicho chopulumukira chanu. Mukaona pamwamba pa madzi pakuda bii, n'kumabwera kwa inu ngati mthunzi, dziwani kuti ndi mphepo ya mkokomo imene ikufika m'kamphindi. Ikafika ngalawa n'kuyamba kupendama, masulani chingwe pang'ono kuti thanga litaye mphepo, ndipo tsamirani thupi kunja kwa ngalawa mapazi atakola pa lamba wokolekamo mapazi wa m'ngalawamo. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pafupi ndi mapiri, makamaka mu mpata wopapatiza wa cha ku Songo, kumene mphepo imatsika m'zigwa n'kumasinthasintha mbali. Malo amenewo si a ophunzira, ndipo pafupi ndi khoma la damu pasafikidwe n'komwe.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Ichi ndi chifukwa chake ngalawa imene inali yomvera m'mamawa imatha kukhala yosagwirika masana, pamene inu mukuona ngati mphepo yangowonjezeka pang'ono. Mverani za nyengo zochokera ku INAM, bungwe la boma loona za nyengo, usiku wa dzulo lake, koma koposa apo imani pa dooko muyang'ane madzi. Mafunde akayamba kuchita thovu loyera pamwamba m'malo ambiri, ndiye kuti mphepo yafika pa makilomita 20 pa ola kapena kupitirira, ndipo wophunzira akhale pamtunda tsiku limenelo. Kwa amene mwazolowerako, pindani thanga kuti lichepe mukadali pa dooko. Kulifutukula muli pamadzi mphepo ikatsika ndi ntchito yopepuka, pamene kulipinda pakati pa mafunde, ngalawa ikudumphadumpha, kumafuna manja odziwa.

Za katundu ndinena mwachidule. Jekete loyandamitsa livalidwe pathupi ndi kumangidwa malamba ake, lisakhale mtsamiro, ndipo la mwana likhale la msinkhu wake kuti lisavuke akagwera m'madzi. Dulani chigubu cha malita 5 chikhale chokapira madzi, muchimangirire ndi kachingwe kuti chisatengedwe. Tengani nkhafi, wenzulo, nangula wokhala ndi chingwe chachitali, ndiponso foni yotsekeredwa m'thumba losalowa madzi, podziwa kuti m'malo ena a nyanjayi netiweki imasowa. Kutentha kwa kuno kwathu ku Tete mukukudziwa, mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo pamadzi kamphepo kamakunamizani kuti simukupsa, choncho chipewa ndi madzi akumwa okwanira zisatsale. Musanachoke, muuzeni munthu wamkulu wodalirika kumene mukulowera, kuchuluka kwa anthu amene mwakwera ndi nthawi imene mubwerere. Mowa udikire mpaka ngalawa itakwezedwa pamtunda. Inu a cha ku Zumbo, kumbukirani kuti tsidya lina la Luangwa ndi dziko la eni, ndipo mphepo siidziwa malire, choncho musasiye ziphaso zanu kunyumba.

Ngalawa yaing'ono ya thanga imagubuduka, ndipo woyendetsa aliyense ayenera kudziwa chochita zisanamuonekere. Musanalowe pamadzi onetsetsani kuti zitsekerero za zipinda za mpweya zatsekedwa bwino, chifukwa ndizo zimaiyandamitsa ngakhale itadzaza madzi. Ikagwa cham'mbali, itananani mayina kuti mudziwe ngati nonse mulipo, ndipo wina asayese kusambira kunka kumtunda. Gombe limaoneka pafupi kusiyana ndi momwe lilili, mphepo imathawitsa ngalawa kuposa momwe munthu angasambirire, ndipo okufunafunani adzaona ngalawa msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde. Masulani chingwe cha thanga, zungulirani kunsi kwa ngalawa, gwirani nsonga ya thabwa lija ndi kulikanikiza ndi thupi lonse mpaka mlongoti utadzuka, kenako kwerani mmodzimmodzi n'kuyamba kukapa. Ikakana kudzuka, kwerani pamwamba pake, miyendo ituluke m'madzi, muimbe wenzulo.

Ndanena za kutulutsa miyendo m'madzi chifukwa nyanja yathuyi ili ndi ng'ona zambiri, ndipo pa nkhani imeneyi sindifuna kuti wina andimve mwatheka. M'maiko ena ophunzira amagubuduza ngalawa dala kuti azolowere kuidzutsa, koma kuno musachite zimenezo pa gombe lililonse limene mwafikapo. Chitani pamalo pamene eni dera akutsimikizirani, masana, ngalawa ya injini ili pambali. Poyenda musalendewetse manja kapena mapazi m'madzi, ndipo pa dooko musachedwe mutaima m'madzi ofika m'maondo, makamaka m'bandakucha ndi chisisira. Mvuu nazo zimakonda malo osaya ndi m'makamwa mwa mitsinje. Ngalawa ya thanga imayenda mwakachetechete, kotero ikhoza kuidzidzimutsa mvuu, ndiye muzigogoda thabwa la ngalawa mukamadutsa malo otere, muzilambalala patali, ndipo musadutse pakati pa mvuu ndi madzi akuya, kumene imathawira ikaopsedwa.

Asodzi ali pa ntchito pamene ife tikusewera, ndipo lamulo la pamadzi limanenanso kuti ngalawa ya thanga ipatuke kwa imene ikusodza. Yang'anirani zigubu ndi mabotolo oyandama osonyeza pamene pali ukonde, chifukwa tsigiro likakola ukonde mwaononga chuma cha banja la wina ndipo inunso mwamangika. Zombo za kapenta zimatuluka madzulo kukagwira ntchito usiku ndi nyali zake, choncho mukaziona zikunyamuka ndiye kuti inu mwachedwa kale kubwerera. Ngalawa ziwiri za thanga zikamakumana, mphepo ikuziomba mbali zosiyana, imene mphepo ikuifika kumanzere ndiyo ipatuke.

Mvula ikayamba mu Novembala ndi Disembala mavuto amasintha. Mitambo ya mabingu imakula masana, ndipo mvula isanagwe pamatsogola mphepo yozizira yamphamvu yochokera mbali imene simumayembekezera. Mlongoti woima pakati pa nyanja umakhala chinthu chachitali kuposa zonse zozungulira, ndipo mphezi imakonda zotero. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu litamveka. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi, ndipo akachepera 30 muyenera kukhala muli kale panjira ya kumtunda. Mitsinje ikasefukira imabweretsanso zipika ndi namasupuni, amene amakola tsigiro ndi kutseka madooko.

Pofika pa dooko, musalole mphepo ikuthamangitsireni pa miyala. Kwezani thabwa la pakati pang'onopang'ono madzi akamachepa, masulani tsigiro kuti lisakhule pansi, ndipo kamtunda kotsiriza mukhotere kumene mphepo ikuchokera kuti thanga litaye mphamvu, ngalawa iime yokha. Ngati mphepo ikuomba molunjika kumtunda, tsitsani thanga mukadali patali pang'ono, mumalize ndi nkhafi. Mukaikweza pamtunda, tsegulani zitsekerero kuti madzi otsalira atuluke, yanikani thanga liume musanalipinde, ndipo mulisunge m'nyumba, chifukwa dzuwa la kuno limafooketsa nsalu ndi ulusi wake msanga. Ngalawa ya matabwa ikhale pa mthunzi, yovundikira pa miyala kapena pa matayala akale kuti isakhudze dothi pamene chiswe chingaifikire, ndipo amene adakudikirani kunyumba muwadziwitse kuti mwatuluka m'madzi.