Intake manifold yopanga nokha: bodza la mapaipi akuluakulu

[Woonetsa waima pa tebulo, wanyamula chitsulo chonyezimira]

Musagule kaye aluminiyamu. Makina owotchererawo muzimitse kaye. Ngati mukufuna kupangira injini yanu intake manifold yatsopano, ndipatseni mphindi zochepa zokha, chifukwa pali bodza limodzi limene ladyera anthu ndalama, galimoto n'kutuluka m'galaja ili yofooka kuposa mmene inalowera. Bodzalo tilipeza pa nambala 2. Musathamangitse vidiyo, ndikukuonanitu.

Takulandirani nonse pa tchanelo chino. Amene mwabwera koyamba, kabatani ka subscribe kali pansipo, sikaluma. Tiyeni.

Zoyambira tidutsa mothamanga, ambirinu mukuzidziwa. Mpweya umalowa pa throttle body, kachitseko kamene kamatseguka mukaponda moto, umadzaza m'chibokosi chotchedwa plenum, kenako umagawanika m'mapaipi otchedwa ma runner, silinda iliyonse paipi yake, mpaka kukafika pa valavu m'hedi. Zonsezo pamodzi ndiye intake manifold. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Injini ya malita awiri, ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi ndipo masilinda akudzaza bwino, imameza malita 100 a mpweya pa sekondi. Pa sekondi imodzi! Basi, sukulu yathera pamenepo.

Nambala 1. Yezani malo. Boneti itseke, ndipo musiye mpata chifukwa injini imagwedezeka ikamalira. Onani alternator, booster ya mabuleki, mawaya. Dulani makatoni, mamatizani, yesani pa injini. Amene muli ndi printa ya 3D, sindikizani choyesera, koma musalize nacho injini: pulasitiki ya PLA imayamba kufewa pa madigiri 60 chabe.

Nambala 2. Kukula kwa mapaipi. Apa ndiye khalani pansi bwinobwino.

Bodza lake ndi ili: paipi ikakula, mpweya umalowa wambiri, mphamvu zimakwera. Mulimva paliponse. Munthu waika chithunzi pa intaneti, ma runner oti nkhonya ikulowa yonse, anthu m'manja phwaphwaphwa. Palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi pa msewu ikuyenda bwanji. Ine zimandiwawa, kunena mosabisa, chifukwa ntchito yowotcherera imakhala yokongola ndithu, koma maganizo ake ndi opotoka kuchokera pachiyambi.

Mpweya umalemera. Sitiuona, koma lita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 1.2. Ndipo chinthu cholemera chikathamanga sichiima pompopompo. Lole yodzaza katundu, ngakhale dalaivala aponde mabuleki, imapitabe kutsogolo. Mpweya wa mu runner nawo umatero.

[Pa sikirini: chojambula cha pisitoni ndi valavu]

Taonani apa. Pisitoni yatsika, yafika pansi penipeni, yayamba kukwera. Valavu yatseka? Ayi. Pa injini zambiri imakhalabe yotsegula kwa madigiri 40 mpaka 60 a kuzungulira kwa injini, pisitoni itayamba kale kubwerera. Mukuganiza kuti opanga injini anaiwala? Anachitira dala. Mpweya umene wabwera ndi liwiro umapitiriza kudzipanikiza m'silinda ngakhale pisitoni ikukwera, ndipo silinda imadzaza kwambiri kuposa mmene ikanadzazira ndi kuyamwa kokha. Mphamvu yaulere imeneyo. Koma imadalira liwiro la mpweya. Mpweya ukabwera mwaulesi, pisitoni imaukankha n'kuubweza mu runner momwe unachokera. Mwautaya.

Tsono liwiro limafa bwanji? Masamu pang'ono, musathawe. Paipi ya mamilimita 40 mwaikuza kufika 50. Mukuti aaa, mamilimita 10 okha. Koma mpata wa m'kati wakula ndi 56 peresenti. Injini ikuyamwa mpweya womwe uja, ndiye liwiro lake latsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Muponda moto pa ma rev 2,500, ndiye kuti injini ikuzungulira ka 2,500 pa mphindi, galimoto ikuyamba yaganiza kaye. Ndipo ngati muli ndi kabuleta, kapena ma injector ali kutali ndi valavu, petulo amagwa mu mpweya waulesiwo n'kumamatira m'makoma a paipi. Silinda ina ikumwa kwambiri, ina ikufa ndi ludzu.

Ndikudziwa, wina wayamba kale kulemba kuti, "Koma achimwene, magalimoto a mpikisano ali ndi mapaipi akuluakulu." Inde bwana. Koma amenewo amakhala pa ma rev 8,000 kapena kuposa, ali ndi hedi yosemedwa, mavalavu akuluakulu, camshaft yake. Yanuyo tsiku lonse ili pakati pa 2,000 ndi 4,000. Komanso pothina penipeni ndi pa valavu ndi m'bowo la m'hedi. Kuzani runner mmene mungafunire, mpweya ukadutsabe pakhomo lomwelo.

Ngati simukundikhulupirira ine, funsani Toyota. Injini yawo ya 4A-GE, imene inatuluka mu 1983, inali ndi chimene anachitcha T-VIS: ma runner asanu ndi atatu, silinda iliyonse awiri. Pa ma rev otsika, imodzi mwa awiriwo inkatsekedwa, n'kutsegulidwa injini ikapitirira 4,000. Mwamva bwino? Kampani yonse, mainjiniya ake onse, anawononga ndalama kupanga chida chotsekera theka la mapaipi kuti galimoto ikoke bwino. Ndiye wina abwere ndi nkhonya yake ija adzatiuze chiyani?

Chochita ndi ichi. Yezani bowo la m'hedi, yambirani pamenepo. Runner ifanane nalo polumikizira, pasakhale kachitunda kopunthwitsa mpweya, kenako izikula pang'onopang'ono, madigiri ochepa chabe, polowera ku plenum. Gasiketi ikuthandizani kujambula. Ndipo za kupukuta m'kati mpaka muzidzionamo nkhope, zisiyeni. Posalala bwino pakwana, ndipo podutsa petulo kukhakhala pang'ono n'kwabwino.

Ngati mwaphunzirapo kanthu mpaka apa, dinani like. Zimathandiza kuti vidiyoyi ikafike kwa mnzanu uja wa mapaipi akuluakulu. Mumudziwa. Mutumizireni.

Nambala 3. Kutalika. Valavu ikatseka mwadzidzidzi, mpweya umagunda pamenepo, ndipo funde limabwerera mu runner pa liwiro la phokoso, mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Likafika ku plenum limabwereranso, uku ndi uku. Mukalitchera bwino, limafika pa valavu nthawi yoyenera n'kukankhira mpweya wina m'kati. Runner yaitali imapatsa mphamvu yokoka pa ma rev otsika, yaifupi pa ma rev okwera. Pa 6,000, nthawi imene valavu ili yotseka fundelo limayenda mamita oposa anayi, ndiye kuti awiri kupita, awiri kubwerera, ndipo palibe angaike paipi ya mamita awiri pansi pa boneti, choncho timaligwira paulendo wachitatu kapena wachinayi, litafookerapo. Chrysler mu 1960 analimba mtima: pa injini yawo ya 413 anaika ma runner a mainchesi 30, pafupifupi masentimita 76, odutsa pamwamba pa injini, kabuleta ya kumanzere ikudyetsa masilinda a kumanja. Mazda 787B, imene inapambana mpikisano wa magalimoto wa Le Mans mu 1991, inali ndi mapaipi otalika ndi kufupika okha galimoto ikuthamanga. Inuyo mulibe zimenezo, ndiye sankhani ma rev amene mumakhalapo kwambiri. Poyeza, yambirani pa valavu, osati pa flange, chitsulo chomangira manifold ku hedi. Bowo la m'hedi nalo ndi mbali ya paipi. Onse akhale ofanana kutalika.

Nambala 4. Plenum. Ambiri amayambira pa kukula kofanana ndi injini yonse, mpaka kuonjezera theka. Ikakulitsa, galimoto imachedwa kuyankha mukaponda. Throttle body ikakhala kumapeto, mpweya umakonda kuthamangira ku silinda yakutali n'kuidumpha yapafupi, ndiye plenum izichepa popita kumapeto. Pakamwa pa runner iliyonse pakhale pozungulira ngati belu, osati pakuthwa.

Tikunena za belu, kabelu ka pansipo mwadina? Komanso masitika a tchanelo chino afika, linki ili m'munsimu. Chabwino, tipitirize.

Nambala 5. Kuwotcherera. Flange ya aluminiyamu 6061, yokhuthala mamilimita 10 kapena 12. Plenum ya 5052, imapindika bwino osang'ambika. Makina owotcherera a TIG, pa magetsi a AC. Kutentha kumapinda flange, zimenezo n'zosapeweka, ndiye imangeni pa chitsulo chokhuthala powotcherera, ndipo mukamaliza ikasemedwe pa makina ikhale thyathyathya. Ma injector aloze kumsana kwa valavu. Ndipo musanatseke plenum, werengani mabowo: la booster ya mabuleki, la MAP sensor yoyeza kupanikizika kwa mpweya m'manifold, la PCV yotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini, la regulator ya mafuta ngati ilipo, la sensa ya kutentha kwa mpweya. La mabulekilo ndikubwereza. Mukaliiwala, pedulo imauma gwa, ndipo mudzazindikira muli kale pa msewu.

Nambala 6. Tsukani. Kaphulusa kachitsulo kotsalira m'kati kakathera m'silinda.

Nambala 7. Kumanga. Chotsani batire. Tsitsani kaye mphamvu ya mafuta m'paipi, mumakhala pafupifupi 3 bar, akhoza kukuthirani m'maso. Mukangochotsa manifold yakale, tsekani mabowo a m'hedi ndi nsanza zoyera.

[Kamera pafupi: kanati kali pa chikhatho]

Kanthu aka. Kakagwera m'bowo inu osaona, mukaliza injini, pisitoni ndi valavu zapita. Nsanzazo muziwerenge poika, muziwerengenso pochotsa. Gasiketi yatsopano, osati yakale yopakidwa guluu. Timphira ta ma injector tipakeni ka oilo kuti tisang'ambike. Mabawuti yambirani pakati kupita kunja, mozungulira kawiri kapena katatu, ndi torque wrench, nambala yake muione m'buku la injini yanu. Ikani chogwiriziza pansi pa plenum, chifukwa aluminiyamu yolendewera imang'aluka m'mowotcherera ikagwedezeka nthawi yaitali. Kenako ponyerani utsi m'kati, muone ngati ukutuluka penapake. Injini ikamalira mokwera yokha mutaisiya, kapena kukwera n'kutsika, mpweya ukuba polowera.

Nambala 8, ndipo iyi siyodumpha. Kompyuta ya injini ikudziwa manifold yakale. Mpweya wasintha, ndiye mafuta ndi nthawi ya moto wa ma plug ziyenera kukonzedwanso, ndi wideband sensor yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo, pa dyno, makina oyezera mphamvu za injini, ngati n'kotheka. Petulo akachepa injini ili pa ntchito yaikulu, kutentha kumakwera mpaka pisitoni kusungunuka. Musaponde mpaka pansi musanachite zimenezi. Ndipo pa dyno musangoyang'ana nambala yapamwamba yojambulitsa. Yang'anani mzere wonse kuyambira pa 2,000, muyerekeze ndi wa manifold yakale.

Mu vidiyo yotsatira tikweza injini imodzi pa dyno ndi ma runner a kukula kuwiri, muone nokha mizereyo. Lembani m'makomenti injini imene muli nayo ndi ma rev amene mukufuna mphamvu. A nkhonya aja, inunso lembani, ndikuyankhani. Tionana.