Kaduwa kodikira dzuwa m'munda wa tirigu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Mateyu 6:28-30, kenaka 2 Akorinto 3:18.

M'mawa uno mtima wanga uli pa kaduwa kena kamene kwathu sikamera. Kwawo ndi m'minda ya tirigu ndi balere ya ku Ulaya, makamaka chakum'mwera ndi chapakati: ku France, Italy, Greece, mpaka ku Germany. Ine ndinakaona mwezi wa June nditapita kukacheza kwa achemwali anga amene anakwatiwa ku France. Tsiku loyamba anapita nane kumunda chakumadzulo, nandiuza kuti, "Achimwene, m'mphepete umu muli maluwa okongola zedi." Ndinayang'ana uku ndi uku, koma ndinangoona timitengo tobiriwira tosafika n'komwe m'bondo. Mumtima ndinati achemwali angowonjezera nkhani. M'mawa mwake, dzuwa litakwera pang'ono, tinabwerera pamalo omwewo. Abale, mphepete yonse inali itadzaza ndi timaluwa ta mtundu ngati wa maluwa a jakaranda koma toderapo, kalikonse ka timasamba tisanu, pakati pake poyera, tonse titapenya kumwamba.

Ndiye khalidwe lake limenelo. Dzuwa likapendeka kamafunya timasamba take. Kukacha ndi mitambo kapena mvula, kamakhala chifunyire. Dzuwa likawala, kamatambasuka konse, osasiyako n'kamodzi komwe.

Akatswiri a zomera amakatchula Legousia speculum-veneris. Dzina loyambalo ndi lokumbukira Bénigne Le Gouz de Gerland, amene anayambitsa munda wosungiramo zomera mumzinda wa Dijon m'zaka za m'ma 1700. Lachiwirilo litanthauza kalilole wa Venus, ndipo Afalansa amangoti miroir de Vénus. Ambiri amati dzinali linadza chifukwa cha njere zake, zimene ndi zazing'ono, zosalala, zonyezimira ngati galasi. Za Venus, mulungu wamkazi wa Aroma akale, ife tilibe nazo ntchito. Amene anakalenga timamudziwa. Koma mawu akuti kalilole aja sanandichoke m'mutu mpaka lero.

Kalilole alibe kuwala kwakekwake. Mukamuika m'chipinda cha mdima, ndi mdima womwewo. Mukamutembenuzira kukhoma, amaonetsa khoma. Mtumwi Paulo akulembera Akorinto kuti ife tonse, ndi nkhope zosaphimbika, timapenya ulemerero wa Ambuye monga m'kalilole, ndipo timasandulika kufanana naye, kuchoka ku ulemerero kunka ku ulemerero. Taonani kuti sakunena kuti tidzipangire ulemererowo. Mbali yathu ndi kuvundukula nkhope ndi kupenya kumene kuli kuwala.

Tsono ndikufunseni, ndipo ndikudzifunsa ndekha: chiyambire kudzuka lero, nkhope yanu yapenya kuti? Ambiri a ife dzanja limafika pa foni maso asanatseguke bwino. Uthenga wa ngongole, mtengo wa feteleza, sukulu fizi ya mwana, mawu obaya amene wina analemba usiku pagulu la pabanja. Tikamafika poti tipemphere, mtima wadzaza kale, ndipo tsiku lonse timaonetsa zimene tinayamba kupenyazo. Mwana akafunsa kanthu kakang'ono, timamukalipira. Kuntchito nkhope ili ndwii. Sikuti ndife anthu oipa ayi, koma kalilole wapenya kukhoma.

Ambuye Yesu polankhula za nkhawa ya chakudya ndi chovala sanatumize ophunzira ake kumunda wa maluwa wa mfumu. Anawalozera maluwa akuthengo, omera okha, amene salima ndiponso sapota thonje, nati ngakhale Solomo mu ulemerero wake wonse sanavale monga limodzi la iwo. Kaduwa kathu ndi ka gulu lomwelo. Mlimi sakadzala. Kamangomera pakati pa tirigu monga bonongwe, luni ndi chisoso zimamerera m'chimanga kwathu, ndipo kwa mwini munda ndi udzu basi. N'chifukwa chake m'madera ambiri a ku Ulaya kayamba kusowa: mankhwala opha udzu ndi makina opeta mbewu akachotsa m'minda yambiri. Moyo wake ndi wa nyengo imodzi yokha. Kamera, kachita maluwa, kagwetsa njere, tirigu akakololedwa nkhani yake yatha. Koma m'masabata ochepawo Mulungu amakaveka chovala chimene palibe telala angasoke.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga uthengawu muli pa mphasa ya maliro, ena pa benchi ya kuchipatala kudikira zotsatira, ena mwezi wachitatu uno malipiro osaoneka. Inu sindikuuzani kuti sekani. Kaduwa kaja kakafunya tsiku la mvula sikanafe, ndipo Mlengi wake sakakalipira kuti bwanji sukuphuka. Kufunyako n'kumene kumateteza za m'kati mwake kuti zisanyowe. Ngati lero pemphero lanu ndi misozi yokha, kapena mawu awiri oti "Ambuye ndithandizeni," limenelo ndi pemphero ndithu. Davide nayenso anali ndi masiku otero, ndipo mu Salimo 30 akuti kulira kungagone nafe usiku, koma m'mawa kumadza chimwemwe. Chimene ndikupemphani n'chakuti musatembenukire kukhoma. Khalani chipenyere kumene dzuwa limatulukira, ngakhale mitambo isanachoke.

Ndipo inu amene kwacha bwino, thupi lili gwa, m'nyumba muli ufa, musatambasuke theka. Pali mnansi amene lero sangathe kutsegula Baibulo chifukwa cha kulemedwa mtima, koma nkhope yanu aiona pachitsime, mu minibasi, kapena pamzere wa kubanki. Mwina kuwala kumene akuone lero ndi kumene kuchokere pa inu.

Tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, zikomo potidzutsa. Inu amene mumaveka maluwa a m'munda amene lero alipo mawa palibe, mukudziwa zimene tikusowa tisanatsegule pakamwa. Vundukulani nkhope zathu kuti tipenye Inu tisanapenye china chilichonse. Khalani ndi ofedwa, gwirani odwala ndi amene akuwadwazika, kumbukirani alimi, ana asukulu, ndi abale athu amene ali kutali ndi kwawo kufunafuna chakudya cha mabanja awo. Amene adzuka mtima uli wofunya, muwafikire ndi kufunda kwanu pa nthawi yanu. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.

Tsiku labwino nonse. Muyende ndi Ambuye.